Denga la Pantheon laima bwanji zaka zonsezi popanda zitsulo?

Tadala: Moni nonse pa gulu pano. Pali funso landizunguza mutu kuyambira dzulo. Ndinaona zithunzi za nyumba ina ku Rome yotchedwa Pantheon, denga lake ndi lozungulira ngati mphika wovundikira ndipo pakati penipeni pali chibowo chachikulu choti mvula imalowa ndithu. Akuti ndi konkire yokhayokha mulibe chitsulo olo chimodzi koma latha zaka pafupifupi 1,900 lili chiimire. Nde zikutheka bwanji? Ine ndimadziwa kuti silabu yopanda zitsulo siichedwa kugwa. Amene mumazitsata zomangamanga tandimasulireni chonde

Bambo Mmisiri: Mwanawe wafunsa bwino. Ine ndagwira njerwa ndi simenti zaka zoposa 30 nde ndiyankha mmene manja anandiphunzitsira, za masamu aonjezera ma injiniya. Silabu ndi yafulati. Ikalemedwa imafuna kugwa mimba pakati, kumtunda kwake kumapanikizika koma kunsi kumakokeka, ndipo chimene konkire imadana nacho kwambiri ndi kukokedwa, imang'aluka nthawi yomweyo. Zitsulo timaziika kunsi kuti zigwire ntchito yokokedwayo. Koma ukamanga arch, kuja timayala njerwa mopindika ngati uta pamwamba pa khomo, njerwa iliyonse imatsamira inzake, kulemera kumatsetsereka mpaka kukafika pa khoma. Denga ukunenalo ndi arch yomweyo koma yozungulira mbali zonse. Vuto limasamukira pa khoma, chifukwa dengalo limakankhira makoma kunja ngati likufuna kukhala pansi, nde khoma likakhala lopyapyala basi waluza zonse

Mai Injiniya: Bambo ndi choncho ndithu, ine ndingoikapo manambala. Mkati mwake kuchoka pa khoma kufika pa khoma linzake ndi mamita 43.3, ndipo kuchoka pansi kufika pa chibowo chija ndi mamita 43.3 omwewo, ndiye kuti mpira waukulu choncho ungakwanemo ndendende. Makoma ake ndi okhuthala pafupifupi mamita 6. Dengalo kumunsi ndi lokhuthala mamita 6 ndi kanthu koma likamakwera limanka lipyapyala mpaka mita imodzi ndi pang'ono pa chibowopo. Pa zosakaniza anachitanso nzeru, kumunsi ankathira miyala yolemera ya travertine, akamakwera zibenthu za njerwa ndi mwala wa tufa, pamwamba penipeni mwala wopepuka wa ku mapiri ophulika uja woti ukauponya m'madzi umayandama. Mabokosi olowa mkati amene mukuwaona kudengako, mizere 5 uliwonse mabokosi 28, amakongoletsa komanso amachotsako kulemera. Chibowocho ndi pafupifupi mamita 9 ndipo kupatula chitseko ndi pokhapo polowera kuwala.

Chimodzi chokha ndionjezere pa zimene bambo anena. Mu dome, kutanthauza denga lozungulira chonchi, kukokeka kulimo ndithu, chakumunsi kuja dengalo limafuna kutambasuka mozungulira ngati mbiya ikadzadza kwambiri. Pantheon ili ndi ming'alu yotsika kuchokera chapakati kupita kumunsi, inang'aluka kalekale. Sikugwa chifukwa makoma ndi olemera zedi ndipo kunja kwa dengalo anamanga ngati masitepe ozungulira kuti alipsinje lisatambasuke

Tadala: Nanga mvula ikalowa madzi amapita kuti

Mai Injiniya: Pansi pake ndi pokwera pang'ono chapakati ndipo pali timabowo tokhetsera madzi kunsi. Amanyowa ndi malo ochepa chabe

Aphunzitsi Opuma: Ana anga ndiikepo za mbiri. Pakhomo pake panalembedwa dzina la Marcus Agrippa nde anthu ambiri amaganiza kuti anamanga ndi iyeyo, koma ya Agrippa inapsa m'chaka cha 80. Imene ilipoyi inatha kumangidwa mu ulamuliro wa mfumu Hadrian cha m'ma 126, ndipo Hadrian anasiya dzina la woyamba uja pakhomopo. Nsanamira 16 za pakhonde iliyonse ndi mwala umodzi wa granite wotalika pafupifupi mamita 12, ndipo yoyambirirayo anaisema ku Egypt n'kubwera nayo pa sitima zapamadzi. Koma chimene chinaipulumutsa si konkire yokha ayi. M'chaka cha 609 anaisandutsa tchalitchi, nde panthawi imene nyumba zina zakale za mu Rome anthu ankazigumula kutengako miyala, iyi inali ndi eni ake oisamala

Gift: Izi zikungotsimikiza zimene ine ndimanena nthawi zonse. Akale ankadziwa kumanga, ife tinataya nzeru. Onani zimene akumanga masiku ano mzinda uliwonse, mabokosi a magalasi ofanana ngati anabadwa kwa mayi mmodzi, zaka 40 zokha ayamba kale kudontha. Kale nyumba inali ndi nkhope yake, ukangoiona umadziwa kuti iyi ndi ya kuti

Mai Injiniya: Achimwene a Gift apa nde sindikuvomerezani. Ife tikuona zimene zinatsala, zimene zinagwa sitikuziona. Tengani Hagia Sophia ku Istanbul ku Turkey, imene poyamba inali tchalitchi chachikulu. Mfumu Justinian analamula kuti imangidwe mu 532 ndipo inatha mu 537, zaka 5 zokha, omwe anaipanga anali Anthemius wa ku Tralles ndi Isidore wa ku Miletus, anthu a masamu. Dome yawo inali yophwatalala kwambiri, ndipo dome ikaphwatalala imakankha makoma mwamphamvu zedi. Kunabwera zivomerezi ndipo mu 558 inagwa. Isidore wamng'ono, m'bale wake wa Isidore woyamba uja, ndi amene anaimanganso, anaikweza ndi mamita pafupifupi 6 kuti kulemera kuzitsika molunjika pansi, inatha mu 562. Ndipo mbali zake zinagwanso mu 989 ndi 1346. Zimene mukuziona lero kunja kwake, zimakoma zikuluzikulu zotsamira nyumbayo, zambiri anachita kuonjezera pambuyo pake, mmodzi mwa amene anailimbitsa ndi katswiri wa zomangamanga wa ku Turkey Mimar Sinan m'zaka za m'ma 1500

Tadala: Koma pa zithunzi Hagia Sophia siyozungulira ngati Pantheon, nde dome yozungulira inakhala bwanji pa nyumba ya makona anayi

Mai Injiniya: Apo nde pagona luso lake. Pali ma arch anayi akuluakulu oima pa zipilala zinayi, ndiye m'makona pakati pa arch ndi arch anamanga tizigawo ta makona atatu topindikira mkati, timatchedwa pendentive. Pamwamba pake tikakumana timapanga bwalo ndipo dome imakhala pamenepo. Kulemera konse kumatsikira m'zipilala zinayizo, nde makoma apakati atha kukhala ndi mawindo ambirimbiri. M'munsi mwa dome mokha muli mawindo 40, dzuwa likawala dengalo limaoneka ngati layandama. Mizikiti ikuluikulu ya ku Turkey inatengera pamenepa, Selimiye ya ku Edirne imene Sinan anamanga cha m'ma 1570 ndi mdzukulu wake wa Hagia Sophia

Bambo Mmisiri: Ine funso langa ndi la pa saiti. Arch ngakhale yaing'ono ya pakhomo timayamba takhoma matabwa kunsi kuti agwirize njerwa mpaka ya pakati italowa. Nde denga la mamita 40 matabwa ake anawatenga kuti ndipo anawaimika pa chiyani? Chifukwa ine ndinaonapo pa saiti ina anyamata atachotsa matabwa msanga, arch yonse inatsika tikuona ndipo ndi chisomo chabe kuti panalibe munthu kunsi

Aphunzitsi Opuma: A Mmisiri funso lanulo ndi lomwe linasowetsa tulo mzinda wa Florence ku Italy kwa zaka zambiri. Tchalitchi chawo chachikulu cha Santa Maria del Fiore anachiyamba mu 1296, ndipo mu 1367 anagwirizana pulani yoti pakati padzakhale dome yaikulu ya makona 8 yopanda zotsamiritsa kunja. Anagwirizana asakudziwa kuti adzaimanga bwanji. Makoma anakwera mpaka mamita oposa 50, kukula kwa malo ofunika kufoleredwa pafupifupi mamita 45, ndipo matabwa okwanira kugwiriza denga lotere kuchokera pansi sakanatheka. Mu 1418 analengeza mpikisano ndipo amene anabwera ndi njira anali Filippo Brunelleschi, munthu amene ntchito yake yophunzira inali yosula golide. Anati iye amanga popanda matabwa ogwiriza kunsi. Anayamba mu 1420 ndipo anatseka mu 1436

Bambo Mmisiri: Popanda matabwa?? Njerwa zikayamba kupendekera mkati matope asanaume zimatsetsereka, zimenezo ndazionapo ndi maso angawa. Anazigwira ndi chiyani

Mai Injiniya: Bambo ichi muchikonda chifukwa ndi nzeru ya kayalidwe ka njerwa. Ankamanga mzere umodzi kuzungulira mbali zonse 8 mpaka utatsekeka, mzere ukatsekeka umadzigwira wokha ngati mphete, kenako wina pamwamba. Koma kuti njerwa zisatsetsereke mzere usanatsekeke, pakapita njerwa zingapo zogona ankaimika imodzi choimirira, yotulukira pamwamba pa mzerewo. Mzere wotsatira ukamayalidwa njerwa zake zimapanikizika pakati pa zoimirira ziwiri, sizingasunthe. Zoimirirazo zimanka zikusendera pang'onopang'ono mzere uliwonse nde zimakwera mopendekera ngati minga za nsomba. Kachiwiri, dome yake ndi ziwiri, yamkati yokhuthala imene imanyamula katundu ndi yakunja yopyapyala yotchinga mvula, pakati pake pali mpata ndipo muli masitepe, mpaka lero anthu amakwera masitepe 463 kufika pamwamba. Kachitatu ndi kutambasuka kuja ndinanena kwa Pantheon. Iye analibe makoma a mamita 6 kumwamba kumeneko nde anaimanga malamba mkati mwa khoma, ena a miyala yolumikizidwa ndi zitsulo ndipo limodzi la mitengo, ngati mmene amamangira mgolo. Komanso dome yake ndi yosongoka osati theka la mpira, imakankha pang'ono. Njerwa zinalowa zoposa 4 miliyoni

Aphunzitsi Opuma: Ndipo musaiwale makina okwezera katundu. Anapanga makina okokedwa ndi ng'ombe okhala ndi giya yobwerera, nde ng'ombe zimangozungulira mbali imodzi, wina akasintha giya katundu akukwera kapena kutsika popanda kuzimasula goli kuti zitembenuke. Brunelleschi anamwalira mu 1446 kansanja kapamwamba pa dome kasanathe

Bambo Mmisiri: Aaa koma munthu ameneyu anali mmisiri weniweni. Zoimika njerwazo ndazimvetsa bwinobwino, ndikuziona m'mutu. Chimene chandikhudza ndi amisiri amene ankayala njerwazo mamita 60, 70 m'mwamba zaka 16, chifukwa pulani ingakhale yabwino bwanji mzere umodzi ukapotoka zonse zapamwamba zimapotoka

Gift: Nde mukundivomereza tu. Zonsezi ndi zakale. Onaninso matchalitchi a Gothic, Notre-Dame, Cologne, zokongoletsa zokhazokha mpaka kumwamba. Alipo angamange zimenezo lero?

Mai Injiniya: Zimene mukuti zokongoletsazo zambiri zikugwira ntchito achimwene. Gothic inayamba cha ku Paris, Abbot Suger atamanganso mbali ya tchalitchi cha Saint-Denis imene inadalitsidwa mu 1144. Iye ankafuna kuwala kwambiri mkati, koma ukaboola khoma lonyamula denga lamiyala limagwa. Nde njira inali kusonkhanitsa kulemera pa malo ochepa. Arch yosongoka imakankha pang'ono kuposa yozungulira, denga analiika pa nthiti za miyala zimene zimatsikira pa zipilala, ndipo kukankha kotsalako anakutulutsira kunja kudzera pa timikono ta miyala tija timaoneka ngati miyendo ya kangaude, ma flying buttress. Ngakhale tinsonga tija pamwamba pa zotsamiritsazo timaonjezera kulemera kuti kukankhako kukhotere pansi. Khoma litamasulidwa choncho malo ake analowa magalasi amitundumitundu. Ndipo nawonso anagwetsa. Ku Beauvais anakweza denga mpaka mamita pafupifupi 48, mu 1284 mbali ina inagwa, nsanja yake inagwanso mu 1573 ndipo tchalitchicho mpaka lero sichinathe

Aphunzitsi Opuma: Dzina loti Gothic lomwelo linali lonyoza. Olemba a ku Italy a nthawi ya Renaissance ankaona kamangidwe kameneka ngati ka anthu osachangamuka nde anakapatsa dzina la ma Goth, mtundu wa anthu umene unasakaza Rome kalekale. Ndiye a Gift zimene inu mukusirira lerozi ena ankaziona zonyansa. Za Cologne, anayamba mu 1248, ntchito inaima zaka mazana ndipo anamaliza mu 1880. Za Notre-Dame, nsanja yosongoka imene inagwa pa moto wa pa 15 April 2019 sinali ya m'ma 1200 ayi, inali ya katswiri wa mapulani a nyumba Viollet-le-Duc ya m'ma 1800. Ndipo funso lanu loti alipo angamange lero, amisiri a matabwa ndi osema miyala anaikonza Notre-Dame ndipo inatsegulidwanso mu December 2024

Kondwani: Ndakhala ndikungowerenga koma mabokosi a magalasi ndiwaikire kumbuyo pang'ono. Ku Chicago kuli nyumba yotchedwa Monadnock ya 1891, nsanjika 16 yoima pa makoma a njerwa, ndipo makoma ake pansi ndi okhuthala pafupifupi mamita 1.8. Pamenepo nde polekezera pa njerwa, ukapitirira apo chipinda chapansi chimatha ndi khoma. Mumzinda womwewo Home Insurance Building ya 1885 inaonetsa njira ina, mafupa a zitsulo anyamule katundu ndipo khoma lingokhala chovala. Phatikizani ndi chikepe chotetezeka cha Otis, basi mizinda inayamba kukwera m'mwamba. Nde khoma likasiya kunyamula katundu mulimangirenji lokhuthala ndi nsanamira zachi Greek zonamizira? A Bauhaus, sukulu imene Walter Gropius anayambitsa ku Weimar mu 1919, ndi katswiri wa mapulani a nyumba Le Corbusier ankati nyumba ionetse chimene ili, ndipo ankaganiziranso za anthu wamba ambirimbiri osowa pokhala nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha. Matchalitchi mukuwatamawo sankagonamo anthu

Gift: Nyumba ionetse chimene ili eti? Nde bwanji zimadontha

Mai Injiniya: Apa a Gift ali ndi mfundo. Villa Savoye ya Le Corbusier ku Poissy inatha mu 1931, aliyense wophunzira za mapulani a nyumba amaijambula, yoima pa nsanamira zopyapyala, mawindo ataliatali chopingasa, denga lafulati. Koma inkadontha kwambiri ndipo eni ake anadandaula kangapo konse. Fallingwater ya Frank Lloyd Wright ku Pennsylvania makonde ake otulukira pamwamba pa mathithi anayamba kuwerama mpaka mu 2002 anachita kuwakunga ndi zingwe zazitsulo. Ndipo zoti nyumba ionetse chimene ili nazonso sizinali zoona nthawi zonse. Seagram Building ku New York ya Mies van der Rohe, 1958, zitsulo za bronze zimene zikuoneka kunja kwake kuchokera pansi mpaka pamwamba sizinyamula nyumbayo ayi. Malamulo a moto ankafuna kuti zitsulo zenizeni zikutidwe ndi konkire, nde iye anamata zina kunja kuti anthu aone ngati akuona mafupa ake. Nakonso ndi kukongoletsa, kungoti kwavala suti

Kondwani: Chabwino zimenezo ndavomera. Koma musanene kuti zamakono zonse ndi mabokosi. Sydney Opera House ndi bokosi?

Aphunzitsi Opuma: Imeneyo mbiri yake imandimvetsa chisoni. Jørn Utzon wa ku Denmark anapambana mpikisano mu 1957 ndi zojambula zokongola koma palibe ankadziwa kuti madenga amenewo amangidwa bwanji, monga zinalili ku Florence. Boma linafulumiza ndipo ntchito inayamba mu 1959 mapulani asanathe. Ma injiniya a Ove Arup anavutika nazo zaka chifukwa denga lililonse linali lopindika mwakemwake. Mu 1961 nde panapezeka yankho, zigoba zonse zidulidwe kuchokera pa mpira umodzi, ngati mmene ungadulire zibenthu pa lalanje limodzi. Zikatero kupindika kumafanana ndipo nthiti za konkire zitha kuumbidwa m'zikombole zomwezo mobwerezabwereza. Kenako boma la New South Wales linasintha, panabuka mkangano wa ndalama ndipo mu 1966 Utzon anatula pansi ntchito n'kuchoka ku Australia. Zamkati anamaliza ndi ena. Inatsegulidwa mu 1973, ndalama zimene ankayembekeza zinali madola a Australia 7 miliyoni koma zinafika 102 miliyoni. Utzon analandira Pritzker, mphoto yapamwamba ya akatswiri a mapulani a nyumba, mu 2003, anamwalira mu 2008 asanabwererenso kukaiona ndi maso ake itatha

Bambo Mmisiri: Chikombole chimodzi, eya zimenezo ndi zomveka kwa aliyense amene anaumbapo njerwa. Chinthu chikakhala choti chidutswa chilichonse chikufuna chikombole chake ntchito siitha ndipo ndalama zimathera pa matabwa

Nabanda: Pepani ndikudulani koma chiyambire m'mawa ndi Rome, Paris, Chicago basi. Ku Africa kuno sikunamangidwe kanthu? Ine ndimafuna timve za mzikiti wa ku Djenné ku Mali, chifukwa a Gift akufuna nyumba yokhala ndi nkhope yake ndipo imeneyo ukangoiona sungaisokoneze ndi ina

Aphunzitsi Opuma: Mwachita bwino mayi. Umene ulipowu ndi wa 1907 koma pamalopo panali mzikiti wina kalekale. Ndi wa zidina zouma ndi dzuwa zomatidwa ndi dothi, ndipo unamangidwa pa chiunda chokwera chifukwa mtsinje wa Bani umasefukira. Timitengo ta kanjedza timene tatulukira m'makoma monse anthu amayesa ndi zokongoletsa, koma ndi makwerero okhalitsa. Chaka chilichonse anthu a mumzindawo amasonkhana kuumatanso dothi pamene mvula yakokolola, amapondera pa timitengo timeneto. Ndiye woumanga anaganizira kale za oukonza. Kulinso Great Zimbabwe, makoma a miyala ya granite yosanjidwa popanda matope, ena otalika mamita 11, ndipo atsamunda anakana kwa nthawi yaitali kuti anamanga ndi anthu akuda mpaka ofukula zakale David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anatsimikiza kuti ndi ntchito ya anthu a komweko. Ku Lalibela ku Ethiopia matchalitchi 11 anachita kuwasema m'thanthwe, Bete Giyorgis anayambira pamwamba kusema chotsika nde denga linatha maziko asanaoneke

Mai Injiniya: Ndipo kwa ine apa nde pamene dandaulo la a Gift lili loona kwambiri. Vuto la bokosi la magalasi si maonekedwe okha, ndi kulikopera kumalo otentha kumene limasanduka uvuni nde makina oziziritsira mpweya azilira tsiku lonse. Ku London komwe nyumba ya 20 Fenchurch Street mu 2013 magalasi ake opindika anasonkhanitsa dzuwa mpaka kusungunula zina pa galimoto imene inaima mumsewu. Yerekezani ndi Eastgate Centre ku Harare ya Mick Pearce, 1996. Iye anatengera ganizo pa chulu. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira kudutsa m'mipata ya m'kati mwa silabu, konkire imazizira, masana imayamwa kutentha ndipo mpweya wotentha umatulukira m'machumuni a njerwa padenga. Kunja kwake kuli zotulukira zambiri zotchinga dzuwa pa mawindo, nkhope yake inabadwa chifukwa cha dzuwa. Winanso ndi Francis Kéré wa ku Burkina Faso, sukulu ya pulayimale ya ku Gando ya 2001. Makoma a njerwa zadothi, siling'i yanjerwa, ndiye malata anawakweza m'mwamba pa tizitsulo kusiya mpata kuti mphepo izidutsa pakati, malata akatentha kutenthako sikufika kwa ana. Mu 2022 anakhala munthu woyamba wa ku Africa kulandira Pritzker

Gift: Ya Kéré ndaiona tsopano pa zithunzi, imeneyo nde ndaikonda zedi. Koma mabokosi ambiri aja sindinasinthe maganizo

Kondwani: Olo ine ambiri sindiwakonda achimwene, ndimangokana zoti onse ndi amodzi

Tadala: Zikomo nonse ndaphunzira zambiri. Funso lomaliza, anthu amenewa analibe kompyuta nde ankadziwa bwanji kuti arch ipindike motani kuti isagwe

Mai Injiniya: Ambiri ankatsata miyeso imene anaphunzira kwa amisiri anzawo komanso kuona zimene zagwa. Koma pali njira ina yosavuta imene Robert Hooke anaifotokoza m'ma 1670. Tengani tcheni, mangani nsonga zake ziwiri pa misomali chilendewere. Tcheni sichingapanikizike, chimangokokeka, nde mmene chapindikiramo ndi mmene kukokeka kokhakokha kumayendera. Mukatembenuza kupindika komweko chadodolido mwapeza arch imene muli kupanikizika kokhakokha. Dome ya St Peter's ku Rome itachita ming'alu, Giovanni Poleni m'ma 1740 anagwiritsa ntchito tcheni chomangirira zolemera kuona ngati ili yotetezeka, anapeza kuti mzerewo ukudutsa mkati mwa khoma, komabe anaionjezera malamba azitsulo. Antoni Gaudí naye popanga tchalitchi cha ku Colònia Güell anapachika zingwe ndi timatumba tolemera kudenga, n'kumajambula chithunzi kenako kuchitembenuza

Bambo Mmisiri: Mayi ndayesa pompano. Ndakhoma misomali iwiri pa bolodi motalikirana mita imodzi, ndapachika tcheni ndipo ndalemba ndi choko motsata mmene chagwera. Sichikufanana ndi theka la bwalo limene timajambula ndi chingwe ndi msomali, ichi chakumiyendo chikuwongoka ndipo pakati chapindika kwambiri. Ndidula bolodiyi ndiyalepo njerwa popanda simenti ndione ngati iima ndikachotsa

Mai Injiniya: Iima bambo, koma miyendo yake iwiriyo muitsekere ndi zolemera kunja kuti isatsetsereke, ndipo m'mipata ya kumsana kwa njerwa mulowetsemo timiyala kapena dothi louma kuti njerwa zikhudzane nkhope yonse. Bolodi muitsitse pang'onopang'ono osaisolola chammbali, ndipo mapazi anu akhale kutali

Tadala: Bambo mukachotsa bolodi mutiponyere chithunzi pano

Bambo Mmisiri: Mawa m'mawa mwanawe, kwada kale ndipo njerwa zofanana bwino ndiyenera kuchita kusankha